Kusunga thanki ya makorali ku Johannesburg: madzi, mpweya ndi magetsi

Anthu akwathu ambiri amene amasunga nsomba m'nyumba kuno ku Joni anayambira pa mbuna. N'zomveka, chifukwa ndi nsomba za m'nyanja yathu, zimapezeka m'mashopu ambiri, komanso zimapirira. Munthu ataiwala kusintha madzi milungu iwiri, mbuna zimangosambira ngati palibe chachitika. Makorali sali choncho. Korali ndi nyama, osati mwala kapena chomera, ndipo m'thupi mwake mumakhala tindere tating'onoting'ono totchedwa zooxanthellae timene timamupangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala. Kunyanja kumene amachokera, mchere ndi kutentha kwa madzi sizisintha kwenikweni lero ndi mawa. Chimene chimapha makorali m'mathanki ambiri ndi kusintha kwadzidzidzi.

Tsono mzinda wathu uno uli ndi zinthu zake zobweretsa kusinthako. Uli pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Nyanja ya ku Durban ili pa mtunda woposa makilomita 550, kotero madzi onse muyenera kupanga nokha. M'nyengo yozizira mpweya umauma kwambiri ndipo usiku wa June ndi July kuzizira kumafika pafupi ndi digiri 0. Magetsi amathima, madzi a pampopi amasiya. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu okhala m'mphepete mwa nyanja, ndipo zimenezi saziwerengera.

Kukula kwa thanki yoyamba kukhale malita 150 mpaka 250. Kathanki ka malita 40 kamaoneka kotchipa, koma madzi ochepa amatentha msanga, amazizira msanga, ndipo kansomba kamodzi kakafera kuseri kwa mwala madzi onse aonongeka. Ganizirani za kulemera musanagule: thanki ya malita 250 pamodzi ndi galasi, miyala, mchenga ndi thanki yapansi ija timaitcha sump imatha kufika makilogalamu 400. Ngati mukukhala pa lendi m'nyumba yosanja kapena ya pansi pa matabwa, yambani mwalankhula ndi eni nyumba. Pamalo pake pakhale posafika dzuwa la pawindo.

Madzi

Madzi a pampopi musawathire m'thanki ya makorali, ngakhale atagona m'ndowa usiku wonse. Madzi amene timamwa amachokera ku Vaal Dam kudzera ku Rand Water, ndipo kuwonjezera pa klorini amathiramo chloramine, amene ndi klorini wophatikizidwa ndi amoniya. Klorini yekha amauluka madzi akakhalitsa, koma chloramine sauluka msanga. Mulinso silicate ndi phosphate zodyetsa ndere, ndipo m'nyumba zakale za mapaipi a kopa madzi amatha kutengako kopa, amene ndi poizoni kwa makorali, nkhono ndi shrimp.

Chofunika ndi makina osefera a RO/DI. Madzi amayamba adutsa pa sefa yogwira matope, kenako pa masefa a kaboni, kenako pa membrane ya RO, kachikopa ka timabowo tosaoneka ndi maso, n'kumalizira pa DI resin, timikanda togwira zotsalira zosungunuka m'madzi. Kuno ikani masefa a kaboni awiri motsatizana. Kaboni amaphwanya chloramine, ndipo pophwanyapo pamatsala amoniya amene amakagwidwa ndi resin. Kaboni akatopa, klorini amafika pa membrane n'kuidya, resin n'kuyamba kutha m'milungu yochepa. Mita ya TDS, yoyeza zosungunuka m'madzi, iziwerenga 0 potulukira. Ikangoyamba kuonetsa 1 kapena 2, sinthani resin tsiku lomwelo, chifukwa resin yodzaza imayamba kulavula zimene inagwira kale. M'miyezi yozizira makinawa amatulutsa madzi pang'onopang'ono chifukwa madzi ozizira amavuta kudutsa pa membrane, ndipo ngati madzi a kwanuko amabwera mofooka pafunika kapampu kowonjezera mphamvu.

Khalani ndi migolo iwiri ya pulasitiki yosungira chakudya, yokhala ndi zivindikiro, wina wa madzi osefedwa opanda mchere, wina wa madzi osakaniza kale. Masiku amene mpopi wauma, migolo imeneyi ndiyo imapulumutsa thanki.

Mchere wake ndi wopangidwira makorali, osati wa kukhitchini. Pa lita iliyonse pamalowa magalamu apakati pa 35 ndi 40 malinga ndi mtundu wa mcherewo. Thirani mchere m'madzi, osati madzi pa mchere, chifukwa mchere wambiri ukakumana ndi madzi ochepa calcium amagwirana n'kukhala fumbi loyera losasungunukanso. Siyani pampu izitakasa mumgolo kwa maola angapo, hita ili momwemo, kenako yezani ndi refractometer, chipangizo choyezera mchere m'madzi. Mulingo wake ndi 35 ppt, ndiye kuti magawo 35 a mchere pa 1,000, kapena 1.025 mpaka 1.026 kumbali inayo ya chipangizocho. Refractometer imasokonekera pakapita nthawi. Ikonzeni ndi madzi oyezera a 35 ppt ogulitsidwa m'kabotolo, chifukwa mukaikonza ndi madzi opanda mchere imatha kunena zoona pa 0 koma n'kunama pa 35.

Mfundo imene atsopano amaiphonya ndi iyi: madzi akamauluka, mchere umatsala. Thanki ya malita 200 yosavindikira imatha kutaya malita 2 mpaka 4 patsiku mu mpweya wouma wa kuno. Ikataya malita 10 osabwezeretsa, mchere umakwera kuchoka pa 35 kufika pafupifupi 37. Obwezeretsa ndi madzi a RO/DI opanda mchere, ndipo kachipangizo ka ATO, kamene kamathira kokha madzi akatsika pang'ono, ndi kofunika kuposa nyali yodula. Madzi a mchere ndi osinthira basi: magawo 10 pa 100 a thanki mlungu uliwonse, atafanana ndi a m'thanki pa mchere ndi pa kutentha.

Mpweya

Apa ndi pamene Johannesburg amasiyana kwambiri ndi Durban kapena Cape Town. Chifukwa cha kukwera kwa malo, mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo okosijeni amene amalowa m'madzi amachepa mofanana. Madzi a mchere a madigiri 25 amasunga okosijeni wokwana pafupifupi mamiligalamu 6.7 pa lita kumphepete kwa nyanja. Madzi omwewo kuno amasunga pafupifupi 5.5, ndiye kuti atadzaza kotheratu. Madzi akatentha nambalayi imatsikanso.

Masana makorali ndi ndere zimatulutsa okosijeni. Nyali zikazima, chilichonse m'thanki chimayamba kumugwiritsa ntchito: nsomba, makorali, ndere, ndi mabakiteriya osawerengeka a m'miyala. N'chifukwa chake nsomba zambiri zimapezeka zitafa m'mamawa. Mukadzuka m'bandakucha n'kuona nsomba zili pamwamba zikupuma mofulumira, vuto ndi mpweya.

Choncho musadzaze nsomba mpaka pa chiwerengero chimene mabuku amalola. Tsalani m'munsi mwake. Pampu imodzi yotakasa madzi iloze m'mwamba kuti pamwamba pa madzi pazichita timafunde nthawi zonse, chifukwa mpweya umalowera pamenepo. Pamwambapo pakaoneka kamafuta koyandama, kakutchinga mpweya. Galasi lovindikira thanki yonse silabwino. Neti yovindikira imaletsa nsomba kudumpha koma mpweya umadutsa. Skimmer, chipangizo chochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu, imalowetsanso mpweya wambiri, ndipo kuno siyenera kuzimitsidwa usiku. Mankhwala ena ochotsera nitrate amagwira ntchito pochulukitsa mabakiteriya, ndipo mabakiteriyawo amadya okosijeni, kotero yambani ndi theka la mlingo wolembedwa pa botolo.

Magetsi

Magetsi akathima, choyamba kupha si kuzizira kapena mdima. Makorali amapirira masiku awiri kapena atatu opanda nyali. Madzi ochuluka amazizira pang'onopang'ono. Koma madzi akangoima, okosijeni amatha m'maola ochepa, makamaka m'thanki ya nsomba zambiri. Ndiye poika zinthu pa batire, yoyamba ndi pampu yotakasa madzi. Pampu ya DC ya mawati 15 pa batire la 12V 100Ah, mutagwiritsa ntchito theka la mphamvu yake monga zimafunikira pa mabatire a lead-acid, imayenda pafupifupi maola 40. Hita ya mawati 300 ingamalize batire lomwelo m'maola awiri. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire, kamene kamayaka kokha magetsi akathima, n'kotchipa ndipo nyumba iliyonse ya thanki ikhale nako.

Magetsi akachedwa kubwera m'nyengo yozizira, kutani thanki ndi mabulangete m'mbali zonse, kusiya pamwamba popumira. Tenthetsani madzi pa gasi, athireni m'mabotolo, tsekani bwino, ndipo ayandamitseni m'thanki. Musadyetse nsomba mpaka mapampu atayambanso.

Thanki yatsopano iyesedwe dala: zimitsani zonse pa soketi n'kuyang'ana mmene madzi akutsikira mu sump. Paipi yobwezera madzi imatha kuwakoka chobwerera mpaka sump kusefukira pansi. Kabowo kakang'ono pa paipiyo, pansi pang'ono pa mzere wa madzi, kamalowetsa mpweya n'kudula kukokako, koma kazitsukidwa chifukwa kamatsekeka ndi ndere. Nthambo iliyonse ilendewere m'munsi mwa soketi isanakwere kukalowa, kuti dontho lotsetsereka ligwere pansi. Onetsetsani kuti earth leakage ya pa bolodi la nyumba, swichi yodula magetsi akamadutsa posayenera, ikugwira ntchito, ndipo ikani chotetezera ku mphenzi, poti mvula ya kuno ya October mpaka March simabwera yopanda ziphaliwali.

Kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 26. Mahita awiri ang'onoang'ono amaposa imodzi yaikulu: pa malita 200 ikani awiri a mawati 150, olumikizidwa ku chipangizo chapadera choyeza kutentha. Hita ikaonongeka nthawi zambiri imakanirira ili yoyaka, ndipo yaikulu imaphika thanki usiku umodzi. M'chilimwe fani youzira pamwamba pa madzi imatsitsa madigiri awiri kapena atatu, ndipo mpweya wouma wa kuno umathandiza pamenepa, kungoti madzi amauluka ambiri. Madzi akakhalitsa pa madigiri 29 kapena 30, korali amatulutsa tindere take tija n'kuyera mbuu.

Kuyambitsa thanki

Ikani miyala pafupifupi kilogalamu imodzi pa malita 10 alionse, yoyalidwa mosiya mipata kuti madzi azidutsa, itakhazikika pa galasi mchenga usanalowe. Mchenga wa aragonite wokwana masentimita 2 kapena 3 ndi wokwanira. Thirani mabakiteriya a m'botolo ndi ammonium chloride mpaka amoniya afike 2 ppm (magawo awiri pa miliyoni), nyali zili zozima. Mabakiteriya ena amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ena nitrite kukhala nitrate. Zimatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Thanki yakonzeka pamene mwathira amoniya lero ndipo mawa lake amoniya ndi nitrite zonse zikuwerenga 0.

Nyali zikayamba kuyaka, mchenga ndi galasi zidzachita fumbi lofiirira. Ndi ma diatom, amadya silicate, ndipo amatha okha. Pambuyo pake pamabwera ndere zobiriwira. Musathamangire mankhwala. Ikani nkhono za Trochus zochepa, zisanu kapena zisanu ndi imodzi pa malita 200. Nkhono zambirimbiri zimamaliza ndere kenako n'kufa ndi njala.

KH, calcium ndi magnesium

Makorali a mafupa amamanga mafupawo ndi calcium carbonate, zimene amazichotsa m'madzi tsiku ndi tsiku. KH, mulingo wa carbonate m'madzi umene umawerengedwa mu dKH, ikhale pakati pa 7 ndi 9 dKH, calcium 400 mpaka 450 ppm, magnesium 1,250 mpaka 1,400 ppm. Pa zitatuzi, yoyang'anitsitsa ndi KH, chifukwa ilimo yochepa ndipo imatsika msanga. Pa dKH imodzi iliyonse imene makorali adya, calcium amatsika ndi 7 ppm yokha, imene zoyezera zambiri sizitha n'komwe kuiona. Nambala yeniyeniyo si nkhani yaikulu. Thanki yokhazikika pa 7.5 imachita bwino kuposa yoyendayenda pakati pa 7 ndi 10 mlungu umodzi.

Kuti mudziwe chimene thanki yanu imadya, yezani KH nthawi yofanana masiku atatu otsatizana osathiramo kanthu. Ngati ikutsika ndi 0.5 patsiku, umenewo ndiwo mlingo wobwezeretsa. Soda wophikira weniweni, sodium bicarbonate wopanda chosakaniza, amakweza KH: magalamu 3 pa malita 100 amakweza ndi dKH imodzi. Calcium chloride dihydrate, magalamu 3.7 pa malita 100, amakweza calcium ndi 10 ppm. Powerengera chotsani malo amene miyala yatenga. Yezani pa sikelo, osati ndi supuni. Chilichonse chisungunulidwe pachokha m'madzi a RO/DI ndi kuthiridwa pamene madzi akuthamanga, motalikitsa nthawi. Mukazithira pamodzi madzi amachita mkaka, zonse ziwiri n'kugwa pansi, ndipo mapampu ndi mahita amamera chikhungwa choyera. Musakweze KH kuposa dKH imodzi patsiku. Ngati mukuthira koma KH ndi calcium sizikukwera, yezani magnesium, chifukwa ndi amene amaletsa ziwirizo kugwirana.

Nitrate ikhale pakati pa 2 ndi 10 ppm, phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Kale anthu ankalimbikira kuti zonsezi zifike pa 0, koma madzi oyera mopitirira amafooketsa makorali n'kutsegulira khomo ma dinoflagellate, ndere zofiirira zonanda zokhala ndi timathovu, zimene zimapha nkhono ndipo n'zovuta kuthetsa. Lembani zoyeza zonse m'kope ndi deti lake. Korali akayamba kudwala, yankho limakhala m'manambala a milungu iwiri yapitayo.

Kuwala kumayezedwa ndi PAR, mulingo wa kuwala kumene tindere ta korali timagwiritsa ntchito. Makorali ofewa ndi a LPS (a mafupa okhala ndi timitu tikulutikulu) amakhutira ndi 50 mpaka 150, pamene a SPS (a mafupa okhala ndi timitu ting'onoting'ono) monga Acropora amafuna 200 mpaka 350. Maola 8 mpaka 10 patsiku akwana. Kuwala kochuluka kumapha msanga kuposa kochepa, ndiye korali watsopano ayambire pansi n'kumakwezedwa pang'onopang'ono. Mapampu otakasa aziyendetsa madzi ochuluka ka 20 mpaka ka 40 kuposa kukula kwa thanki pa ola, koma asawombe korali mwachindunji.

Zoikamo

Yambani ndi makorali opirira: Sarcophyton, Discosoma, Zoanthus, kenako Euphyllia ndi Duncanopsammia. Acropora adikire thanki ikwanitse chaka. Euphyllia amatulutsa timanja toluma, choncho musiyireni mpata wa masentimita 10 kapena kuposa. Green star polyps ndi Xenia akhale pa mwala wawokha, chifukwa amafalikira n'kukwirira anzawo. Tizidutswa tolimidwa m'mathanki a anthu ena a kuno n'tabwino kuposa makorali ochokera kunja, poti tinazolowera kale moyo wa m'galasi. Makorali a mafupa ali pa Appendix II ya CITES, pangano la maiko lolamulira malonda a zamoyo zotetezedwa, ndipo matanthwe a ku Sodwana Bay ali m'malo otetezedwa a iSimangaliso Wetland Park. Munthu wokutsatsani mwala kapena korali wothyola kunyanja, mukaneni.

Pa Zoanthus ndi Palythoa pali chenjezo lalikulu. Ena mwa iwo ali ndi palytoxin, poizoni woopsa kwambiri kwa munthu. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso powadula, ndipo mwala wochokera m'thanki musauwiritse kapena kuuthira madzi otentha, chifukwa nthunzi yake imatha kugoneka banja lonse m'chipatala.

Nsomba zoyenera thanki ya malita 200 ndi monga Amphiprion ocellaris (clownfish) ziwiri zobadwira m'thanki, Gramma loreto imodzi, ndi goby mmodzi kapena awiri. Pa ocellaris gulani zazing'ono ziwiri. Yamphamvu idzakula n'kusanduka yaikazi. Blue tang imafika pafupifupi masentimita 30 ndipo si ya thanki imeneyi, ngakhale ana ataililira. Mandarin imadya tizilombo tamoyo ta m'miyala ndipo m'thanki yatsopano imafa ndi njala. Onjezani nsomba imodzi kapena ziwiri pa nthawi, n'kudikira milungu iwiri kapena itatu.

Nsomba iliyonse yatsopano ikhale masiku 30 m'kathanki kapadera ka malita 40 mpaka 60, kopanda miyala ndi mchenga, kokhala ndi hita, sefa ya siponji ndi zidutswa za paipi zobisalamo. Timadontho toyera ngati mchere pathupi ndi Cryptocaryon irritans. Kafumbi kosalala pamodzi ndi kupuma mofulumira ndi Amyloodinium, amene amatha kumaliza nsomba zonse m'masiku ochepa. Mankhwala ake ndi a kopa, oyezedwa tsiku lililonse molingana ndi botolo lake, ndipo sayenera kufika m'thanki yaikulu ngakhale dontho. Matendawa akalowa m'thanki ya makorali, njira ndi kutulutsa nsomba zonse kukazichiza kwina, thanki n'kukhala yopanda nsomba masiku 76. Makorali atsopano nawo aziviikidwa m'mankhwala ake ndi kuyang'anidwa kunsi. Mukaona Aiptasia, kanyama kofiirira ka timanja toonekera mkati, musakapale ndi mpeni, chifukwa kachidutswa kalikonse kamaphukanso. Kaphimbeni ndi phala la kalkwasser, laimu wa calcium hydroxide, mapampu ali ozima.

Ulendo wa kumudzi wa December umagwa m'nyengo yotentha ndi ya mphenzi, ndipo thanki imatsala m'manja mwa munthu wosaidziwa. Milungu iwiri musananyamuke musaike nsomba, korali kapena chipangizo chatsopano. Sinthani madzi ndi kutsuka mapampu patatsala mlungu, kuti cholakwika chioneke mudakalipo. Mgolo wa ATO ukwane masiku onse: thanki yotaya malita 4 patsiku imafuna malita 84 pa milungu itatu, ndipo onjezerani ena. Chakudya chigawidwiretu m'timapaketi ta tsiku limodzi limodzi, chotsalacho chibisidwe, chifukwa wosamalira wachifundo amadyetsa mopitirira. Musonyezeni swichi ya earth leakage ndi mmene angaibwezere ikagwa, mzere wa madzi mu sump, ndi nambala imene iyenera kuoneka pa choyezera kutentha. Mpempheni azikutumizirani chithunzi cha zinthu zitatuzi pa WhatsApp m'mawa uliwonse, ndipo musiyireni nambala ya mnzanu wosunga makorali amene angafike panyumbapo tsiku lomwelo.